Jungle: oimba a ku London omwe anasiyira ovina bwalo

M'kanemayo mulibe galimoto yodula. Mulibe nyumba yosanjikizana, mulibe mabotolo a mowa wa anthu olemera, ndipo ngakhale woimba mwini wake sakuoneka. Muli chipinda chopanda katundu ndi kamtsikana ka zaka 6 kovala zovala zamasewero. Nyimbo itangoyamba, kakuponda masitepe mofatsa, kenaka kakugwetsa manja pansi, miyendo m'mwamba, n'kuyamba kuzungulira ndi mutu. Kamera siikuchoka pa iko. Palibe pomwe wojambula akudula chithunzi kuti abise kulakwitsa kapena kutopa. Mwana akuvina, inu maso ali tong'o, nyimbo mpaka kutha.

Umu ndi momwe anthu ambiri anadziwira koyamba gulu loimba la Jungle m'chaka cha 2013. Nyimboyo ndi "Platoon", ndipo mwanayo amadziwika m'mabwalo a zovinavina ndi dzina loti B-Girl Terra. Patangopita miyezi yochepa kunabwera kanema wa nyimbo ya "The Heat". Umu munali amuna awiri a gulu la High Rollaz, atavala nsapato za matayala, akutsetsereka uku akuvina mofanana ndendende. Apanso oimba sanaoneke. Anthu anayamba kufunsana kuti kodi Jungle ndi ndani, ndipo atolankhani anangopatsidwa zilembo ziwiri: J ndi T.

Mayina awo lero si chinsinsi. J ndi Josh Lloyd-Watson, T ndi Tom McFarland. Anakulira moyandikana ku Shepherd's Bush, kumadzulo kwa mzinda wa London, ndipo akhala pa chinzake kuyambira ali ana a sukulu ya pulaimale. Mu 2023 mayi wina yemwe ankaimba nawo kale, Lydia Kitto, anakhala membala wachitatu. Koma ngakhale mayinawa akudziwika, mukafunsa munthu yemwe amakonda Jungle kuti akufotokozereni za gululi, sayamba ndi nkhope ya Josh kapena ya Tom. Amayamba kugwedeza mapewa. Chomwe chinamukhala m'mutu ndi kavinidwe, ndipo apa ndi pomwe gululi linasiyanirana ndi anzawo onse a msinkhu wawo.

Nyimbo zawo ndi zatsopano zovala malaya akale. Mukazimva koyamba mungaganize kuti wina wafukula chimbale cha m'zaka za m'ma 1970: besi yoyenda mosathamanga, gitala wokanda pang'onopang'ono, kuwomba m'manja, malipenga apa ndi apo, ndi mawu aamuna okwezedwa m'mwamba mpaka kupyapyala, monga ankaimbira Curtis Mayfield kapena abale a gulu la Bee Gees. Mawuwo amawasanjikiza kambirimbiri pojambula, kotero kuti simungaloze kuti uyu ndiye akutsogolera nyimbo, awa ndiwo akupolokoza. Onse amamveka ngati munthu mmodzi wa pakamwa pambiri. Pansi pa zonsezi pali makina a masiku ano, kompyuta ndi ng'oma zamagetsi, chifukwa anyamatawa anayamba ngati ophika nyimbo m'chipinda chogona, osati ngati bandi ya pa nsanja.

Kuti Angerezi azikonda nyimbo za anthu akuda a ku America si zachilendo. M'zaka za m'ma 1970 achinyamata a kumpoto kwa England, ambiri mwa iwo ana a anthu ogwira ntchito m'mafakitale, ankachezera usiku wonse ku malo ovinira a Wigan Casino, omwe anachititsa madansi otere kuyambira 1973 mpaka 1981. Ankavina nyimbo za soul zomwe ku America komweko zinali zitaiwalika m'masitolo. Pomwe anthu ena ku Chicago ankaphulitsa zimbale za disco m'bwalo la zamasewero la Comiskey Park mu Julaye 1979 posonyeza kudana nazo, ku Britain nyimbo zovinirazi sizinafe. Zinangosintha malaya n'kutulukira mwa oimba monga Soul II Soul ndi Jamiroquai. Jungle ili mumzera umenewu. Ndipo pomwe Dua Lipa, Jessie Ware ndi Kylie Minogue ankatulutsa zimbale zobwerera ku disco mu 2020, anyamata a ku Shepherd's Bush anali atatha kale zaka zingapo akulima munda womwewo.

Chimbale chawo choyamba, chotchedwa dzina la gulu lomwelo, chinatuluka mu Julaye 2014 kudzera ku kampani ya XL Recordings. Chinalowa m'gulu la zimbale zopikisana pa mphoto ya Mercury chaka chimenecho, koma mphotoyo inapita kwa Young Fathers a ku Edinburgh. M'chimbalemo ndi momwe muli "Busy Earnin'", nyimbo ya malipenga amphamvu yomwe achinyamata ambiri anaimva koyamba posewera mpira wa pa kompyuta wa FIFA 15. Chachiwiri, For Ever, chinabwera mu 2018 atakhalako ku Los Angeles, ndipo ndi cha mtima wosweka. Muli "Casio" ndi "Heavy, California". Kenaka anachoka ku XL n'kuyamba kutulutsa nyimbo kudzera ku kampani yawoyawo ya Caiola Records: Loving in Stereo mu 2021 ndi Volcano mu Ogasiti 2023.

Kujambula kosadula

Kuyambira pomwe wailesi ya kanema ya MTV inatsegulidwa mu 1981, makanema a nyimbo akhala akudalira kwambiri lumo la mkonzi. Chithunzi chimakhala sekondi imodzi kapena ziwiri, n'kudumphira ku china. Mukuona nkhope, mwaona nsapato, mwaona galimoto, mwabwerera ku nkhope. Njirayi ili ndi ubwino wake, koma imabisa zambiri. Munthu wosadziwa kuvina atha kuoneka katswiri ngati mkonzi wasankha bwino timagawo tomwe mwendo unagwera pamalo. Wovina weniweni ndiye amaluza, chifukwa luso lake lili pa momwe sitepe imodzi imaberekera inzake, ndipo lumo limadula pomwepo.

Makanema ambiri a Jungle amajambulidwa ulendo umodzi. Kamera ikayamba, siima mpaka nyimbo itatha. Ndi bwino kuganizira pang'ono chomwe izi zimafuna kwa anthu omwe ali m'chipindamo. Ovina khumi kapena kuposerapo ayenera kuloweza nyimbo yonse m'thupi, osati kagawo. Mmodzi akaterereka pa mphindi yachitatu, onse abwerera poyambira, thukuta lili kamukamu, n'kuyambanso ngati sanatope. Wonyamula kamera naye ndi wovina wosaoneka: makinawo amamangiriridwa pa thupi lake, ndipo ayenera kudziwa kuti pa kugunda kwakuti abwerere m'mbuyo masitepe angati, akhotere kuti, adutse pakati pa ndani ndi ndani osagunda munthu. Woyang'anira magetsi ayenera kusintha kuwala pa nthawi yake. Yemwe watuluka m'chithunzi amathamangira kuseri kwa kamera kuti akapezeke mbali ina nthawi yake isanakwane. Woonera saona chipwirikiti chonsechi. Amangoona anthu akuyenda mosalala ngati sizinavute.

Chomwe woonera amapindula ndi chikhulupiriro. Ukadziwa kuti palibe podula, umaonera mosiyana. Mtima umakhala m'mwamba pang'ono, kuwafunira zabwino kuti afike kumapeto. Umaona kupuma kwa wovina, umaona diso lomwe waponyera mnzake kuti ayambire limodzi. Izi sizingapangidwe ndi kompyuta, ndipo m'nthawi ino yomwe chithunzi chilichonse pa foni chimakayikitsa ngati n'chenicheni, mtengo wa zinthu zotere wakwera.

Makanema oyambirira anawajambula mothandizana ndi Oliver Hadlee Pearch. Apambuyo pake akhala akuwatsogolera Josh mwini wake pamodzi ndi Charlie Di Placido. Mfundo yoti woimba yemweyo ndiye amatsogolera kujambula ndi yofunika. M'magulu ambiri kanema ndi ntchito yomwe imabwera nyimbo itatha kale, kampani n'kulemba ganyu munthu wakunja kuti aikongoletse. Kwa Jungle kanema ndi theka la ntchito yomwe. Pa chimbale cha Volcano nyimbo iliyonse mwa nyimbo 14 ili ndi kanema wake, ndipo akalumikizidwa onse amapanga filimu imodzi yotsatira chikondi cha anthu awiri, omwe amavinidwa ndi Will West ndi Mette Linturi. Palibe mawu olankhulidwa ofotokoza nkhaniyo. Kukondana, kukangana, nsanje ndi kubwererana zonse zili m'mapewa ndi m'mapazi.

Filimuyi inakonzedwa ngati pologalamu ya pa wailesi ya kanema ya makedzana, yokhala ndi makoma opentedwa ndi zovala za mitundu yofatsa. Zimakumbutsa Soul Train, pologalamu ya Don Cornelius yomwe inayamba kuonetsedwa m'dziko lonse la America mu 1971, momwe achinyamata wamba ovina ankatchuka pafupifupi ngati oimba omwe. Zimakumbutsanso Top of the Pops ya BBC, yomwe kwa zaka zambiri inkajambulidwa ku Television Centre, pafupi kwambiri ndi komwe Josh ndi Tom anakulira.

Pa makanema onsewa, yemwe anaswa mpanda ndi wa "Back on 74". Mavinidwe ake anawapeka Shay Latukolan wa ku Netherlands, ndipo apa mpofunika kuima. Munthu ukamva kuti kavinidwe katchuka pa dziko lonse umayembekezera kudumpha, kugudubuzika, zinthu zothyola msana. Mu "Back on 74" mulibe zotere. Mphamvu yake ili mu tinthu tating'ono. Phewa limatsika mochedwa pang'ono kuposa momwe umayembekezera. Dzanja limapinda pa mfundo n'kuima m'malere. Khosi limatembenuka, thupi n'kutsatira pambuyo. Bondo limafewa ngati munthu akufuna kugwa, koma osagwa. Ovinawo amayendetsa milomo motsatira mawu a nyimbo, nkhope zili zomasuka, ngati anthu omwe akusangalala okha osadziwa kuti wina akuwaona. Pali nthawi zina pomwe onse amangoti zii kwa kamphindi, kugunda kumodzi kudutse, kenaka n'kugwera limodzi m'kugunda kotsatira. Kudikira kumeneko ndiko kumakoma.

Aliyense wodziwa mbiri ya nyimbo za soul amazindikira komwe zina mwa izi zachokera. Kampani ya Motown ku Detroit inali ndi mphunzitsi wake wa masitepe, Cholly Atkins, yemwe ankaphunzitsa The Temptations ndi The Supremes kuyenda mofanana, kutambasula dzanja pa liwu lakuti, kutembenuka pa liwu lakuti. Latukolan anatenga ulemu ndi kudekha kwa masitepe amenewo n'kuzisakaniza ndi kumasuka kwa mavinidwe a m'misewu a masiku ano. Zotsatira zake ndi kavinidwe kooneka kosavuta mpaka utakayesa. Anthu miyandamiyanda anakayesadi pa TikTok, m'makhitchini, m'maofesi, m'mabwalo a sukulu, ndipo ambiri anapeza kuti kuloweza masitepe n'kosavuta, chovuta ndi kufewa kwake.

Kumayambiriro kwa 2024 kampani ya zovala ya Gap inatenga nyimboyi ndi kavinidwe kake n'kupanga kanema wotsatsa malonda, Latukolan yemweyo akutsogolera masitepe. Pakati pa ovinawo panali Tyla wa ku Johannesburg, yemwe mwezi wa Febuluwale chaka chomwecho analandira mphoto ya Grammy chifukwa cha nyimbo yake ya "Water". Ena a kuno kummwera kwa Africa anakumana ndi Jungle kudzera pa khomo limeneli, mwina osadziwa n'komwe dzina la eni nyimbo.

Funso lomwe silinathe

Pali nkhani ina yomwe wokonda gululi sayenera kuilumpha. M'masiku oyambirira aja, pomwe J ndi T ankabisa nkhope, zithunzi ndi makanema omwe ankafalitsidwa ankaonetsa ovina, ndipo ambiri mwa iwo anali anthu akuda. Anthu ochuluka anaganiza kuti amenewo ndiwo Jungle. Zitadziwika kuti eni gulu ndi azungu awiri a kumadzulo kwa London, olemba nkhani ena anafunsa ngati si kubisala kuseri kwa nkhope za anthu akuda pogulitsa nyimbo zomwe muzu wake ndi wa anthu akuda omwewo. Eni ake akhala akufotokoza kuti cholinga chinali choti anthu aziyang'ana luso, osati iwo.

Ine ndikuona kuti funsoli ndi loyenera, ndipo yankho la pakamwa silikwanira. Mbiri ya nyimbo za ku America ndi ku Britain yadzaza ndi anthu akuda omwe anapeka, kuimba ndi kuvina, ndalama n'kupita kwina. Munthu akakayikira ali ndi chifukwa. Koma ndikuonanso kuti pali kusiyana pakati pa kugwiritsa ntchito wovina ngati chokongoletsera kumbuyo kwa woimba, ndi kumupatsa kamera yonse kwa mphindi zitatu kapena zinayi kuti dziko limuone. Jungle yachita chachiwirichi kwa zaka zoposa khumi, mobwerezabwereza, nthawi zambiri ndi ovina omwewo, mpaka ena mwa iwo ali ndi owatsatira awoawo. Will West lero amadziwika ndi dzina. Latukolan anapitirira kukagwira ntchito ndi Childish Gambino. Muyeso wabwino pa nkhani ngati iyi ndi woti dzina la wovina likulembedwa kapena ayi, ndiponso ngati ntchito yake ikumutsegulira makomo ena. Pa mbali ya mayina, gululi limawalemba.

Kwa ife omwe tinakulira pafupi ndi bwalo la gule, dongosolo ili si lachilendo. Woimba mbalule sakhala pakati pa bwalo. Amakhala pambali, maso ali pa mapazi a wovina, ndipo luso lake limayezedwa ndi momwe ng'oma yake ikugwirizanirana ndi fumbi lomwe likutuluka pakatipo. Palibe amanena kuti wang'omayo wabisala. Aliyense ali pamalo pake, ndipo gule ndi wa onse awiri. Nyimbo za malonda za ku Ulaya ndi ku America zinazolowera kuika woimba patsogolo, ovina kumbuyo ngati mpanda. Jungle inabweza wovina pakati, ndipo anthu a kumeneko anaona ngati chinthu chatsopano.

Pa nsanja

Munthu yemwe wadziwa Jungle kudzera m'makanema okha amadabwa akaona gululi pa nsanja. Ovina aja nthawi zambiri kulibe. Chomwe chilipo ndi bandi yathunthu. Pamene ankayamba kuimba pamaso pa anthu, awiriwa anakana njira yachidule yomwe ophika nyimbo ambiri amatsata, yoima kuseri kwa kompyuta n'kumadina mabatani. Anasonkhanitsa gulu la anthu asanu ndi awiri: woimba ng'oma, wina wa ting'oma ta m'manja ndi maseche, wa besi kapena gitala, oimba mawu, ndi iwo awiri pakati, aliyense ali ndi kiyibodi patsogolo ndi gitala pafupi. Kumbuyo kumakhala dzina loti JUNGLE m'zilembo zikuluzikulu zowala. M'masiku oyamba utsi unkachuluka pa nsanja moti nkhope zinkangooneka mwa apo ndi apo.

Salankhula zambiri. Nyimbo imodzi imalowa mwa inzake, ng'oma osaima, monga amachitira DJ wodziwa ntchito yake yemwe safuna kuti bwalo lizizire. Ndipo nyimbo zomwe pa chimbale zimamveka zofatsa, zoyenera kumvera uli gone, pa nsanja zimalemera. Besi imagunda pa chifuwa. Malipenga a "Busy Earnin'" akangolira, khamu lonse limanyamuka nthawi imodzi. "Keep Moving", nyimbo ya mu 2021 yomwe inatuluka anthu akuchokera m'miyezi yotsekeredwa m'nyumba chifukwa cha Covid-19, imasanduka ya khamu lonse, mawu a anthu kumiza a oimba.

Apa mpomwe mumamvetsa chifukwa chomwe ovina sakufunikira pa nsanjapo. M'kanema, oimba amachoka kuti wovina aoneke. Pa phwando la maimbidwe, oimba amabwerera koma amaimabe ngati anthu ogwira ntchito, mitu ili pa zoimbira, ndipo malo a wovina amatengedwa ndi munthu yemwe wagula tikiti. Maganizo ndi amodzi omwewo: nyimbo izi zinapangidwira thupi la munthu wina. Mukaonera zojambulidwa za mapwando awo, kamera ikatembenukira ku khamu mumaona magulu a anthu akuyesa masitepe a "Back on 74" pakati pa chinamtindi, ena akulakwitsa, onse akuseka.

Ulendo wawo pa nsanja wakwera pang'onopang'ono. Mu 2014 anaimba ku chikondwerero cha Glastonbury, chomwe chimachitikira pa famu ya Worthy ku Somerset ndipo chimasonkhanitsa anthu pafupifupi 200,000, ali gulu latsopano lomwe anthu ankangofuna kuona nkhope zake. Mu Ogasiti 2023 anali oimba akuluakulu pa tsiku lawo ku All Points East, ku Victoria Park mu London, pa mndandanda womwe panalinso Erykah Badu. Mu 2024 anaimba ku Coachella ku California, anabwerera ku Glastonbury kukatseka usiku pa nsanja ya West Holts, ndipo mu Seputembala anachititsa phwando lawolawo ku O2 Arena, holo yolowa anthu pafupifupi 20,000. Kuchokera m'chipinda chogona ku Shepherd's Bush kukafika ku O2 ndi ulendo wa mzinda umodzi, koma unawatengera zaka 11.

Mu holo yomweyo, pa 2 Malichi 2024, analandira mphoto ya Brit ya gulu lopambana la chaka. Omwe ankapikisana nawo anali Blur, Chase & Status, Headie One ndi K-Trap, komanso Young Fathers omwe anawaposa pa Mercury pafupifupi zaka khumi m'mbuyomo. Usiku umenewo anaimba "Back on 74" ali ndi ovina pa nsanja, ndipo mbali ziwiri za gululi, ya m'kanema ndi ya pa nsanja, zinaonekera pamodzi pamaso pa dziko lonse la Britain.

Sikuti zonse ndi zangwiro. Chodandaula chomwe chimamveka kawirikawiri n'choti nyimbo za Jungle zimafanana, ndipo chili ndi choonadi. Liwiro lake silisiyana kwambiri, mawu okwera aja ndi omwewo, ndipo mawu a nyimbo zambiri sanena zakuya: chikondi, kutha kwa chikondi, dzuwa, kulimba mtima. Ukamvera zimbale ziwiri motsatizana osaona kanema, pena umasokoneza kuti iyi ndi iti. Zikuoneka kuti eni ake analiona vutoli, chifukwa kuyambira pa Loving in Stereo anayamba kuitana alendo. Bas ndi Priya Ragu anabwera pa chimbale chimenecho, ndipo pa Volcano pali Erick the Architect, Channel Tres ndi Roots Manuva, mkulu wa nyimbo za rap ku Britain. Koma kusintha kwakukulu ndi Lydia Kitto. Mawu ake ndiwo amanyamula "Back on 74", ndipo pa nsanja wapatsa gululi chomwe linkasowa: munthu mmodzi yemwe khutu lingamugwire n'kumutsatira. Mawu osanjikizana aja ndi okoma, koma mtima wa womvera umafuna munthu woti umve naye chisoni, ndipo Kitto ndiye wabweretsa zimenezo.

Ena amanenanso kuti kubwerera ku nyimbo za m'ma 1970 ndi ulesi, kuti m'badwo womwe ukungokumba za makolo ulibe chonena. Pa oimba ena mawuwa ndi oona. Pa Jungle sindikuvomereza, ndipo chifukwa changa ndi makanema aja. Palibe gulu la m'ma 1970 lomwe linapanga filimu ya chimbale chonse mwa njira iyi, kuti munthu aionere pa foni ali m'basi n'kukayesa masitepe ake madzulo. Zoimbira ndi zakale, koma njira yomwe nyimbozi zimafikira anthu ndi ya lero, ndipo inaganiziridwa mofatsa. Iwo anazindikira msanga kuti pa intaneti nkhope ya woimba siyenda mtunda wautali ngati sitepe yabwino, chifukwa nkhope umangoiona pomwe sitepe umaitenga kupita nayo kwanu.

Pali phunziro la ndalama lomwe oimba ndi ojambula makanema kulikonse angalione apa. Kanema wa "Platoon" sanafune zambiri: chipinda, kamera, ndi mwana waluso. Ndalama zomwe ena amathera pobwereka galimoto ndi nyumba zoti anamizire kulemera, awa anaziika pa nthawi yoyeserera ndi pa anthu odziwa kuvina. Makanema apambuyo pake ndi odula ndithu, ali ndi ovina ambiri, zovala ndi malo omangidwa mwapadera, koma maziko sanasinthe. Chomwe chimagwira diso ndi munthu yemwe wathera masiku akubwereza sitepe imodzi mpaka italowa m'magazi. Ovina otere sasowa kwina kulikonse komwe kuli achinyamata ndi nyimbo. Chomwe chimasowa kawirikawiri ndi woimba wololera kuchoka patsogolo pa kamera, ndi wojambula wolimba mtima kusiya lumo.

Makanema onsewa ali pa YouTube, ndipo filimu yonse ya Volcano ilinso pomwepo kwa yemwe bandulo yake ingapirire. Ngati nthawi ndi yochepa, yambani ndi "Back on 74", kenaka "Candle Flame", kenaka mufufuze zojambulidwa za gululi likuimba pa nsanja kuti mumve kulemera kwa besi. Mukatha kuonera, musathamangire kanema wina. Tsikirani m'munsi momwe amalemba za kanemayo, muwerenge mayina a ovina mmodzimmodzi, ndipo mukamatumizira mnzanu, mumuuze kuti masitepewo anapeka ndi Shay Latukolan.